Diso Lachiwiri la Chidole cha Bambo

Okunosawa, 9 Januwale 1979

Tokuji,

Chaka chabwino kwa iwe, mlamu wanga ndi ana. Kuno tili moyo, chipale chofewa chafika m'mawindo, ndipo ine mutu ukundiwawa. Usandiimbire foni. Foni ili pambali pa Bambo, ndipo amainyamula isanamalize n'kulira komwe.

Bambo agula daruma. Lachitatu anapita okha kumsika wa pakachisi, n'kubwera pa takisi atakumbatira chidole chofiira chachikulu ngati mtsuko. Anachikhazika m'chipinda cha alendo, anatenga inki ndi burashi, n'kujambula diso limodzi, lina n'kulisiya loyera. Ukudziwa kuti m'nyumba muno daruma sitigulira mayeso a mwana kapena malonda. Diso loyamba ndi la tsiku loyamba kampeni, lachiwiri ndi la tsiku lopambana. Tinagulapo zisanu ndi zitatu, zinayi za nyumba ya malamulo ya chigawo, zinayi za nyumba ya malamulo ya dziko lonse ku Tokyo, ndipo chomalizacho tinakachitentha kukachisi chili ndi diso limodzi. Chisankho cha aphungu a chigawo chili mu Epulo. Munthu amene anakhalako ku Tokyo zaka khumi akufuna kubwerera pampando umene anausiya iwe uli kukoleji.

Ndinawafunsa kuti, "Bambo, mukuimanso?"

Iwo anati, "Ine ndi munthu wopuma, Fumie. Sindikuima."

Mawu omwewo ndawamva kasanu ndi katatu. Munthu wolemekezeka sadziimika yekha, amakana mpaka anthu ake abwere katatu kudzamupempha. Ndiye a Nagumo, mkulu wa gulu la otsatira Bambo uja, abwera kale kamodzi. Ataona chidolecho anavula chipewa n'kuyamba kulira. Kuyambira tsiku limenelo madala asanu ndi awiri amafika m'mawa uliwonse kudzaotha moto wathu, ndipo wowaphikira tiyi ukumudziwa.

Tsopano nkhani imene ndakulemberayi. A Shimodaira a ku ofesi ya zankhalango awasamutsira ku Hokkaido, chilumba chakutali kumpoto, ndipo anyamuka pa 31 Malichi. Andidikira zaka zisanu ndi chimodzi. Poyamba ndinati chisankho chithe, kenako ndinati Amayi achire, kenako ndinati tithe kulira. Tsopano akuti ofesi yawo ikufuna yankho Febuluwale asanathe: awapatse nyumba ya wapabanja kapena chipinda cha mbeta. Sanandikakamize. Anangoti, "Mayi Fumie, fomu ili ndi malo awiri, ine ndili ndi cholembera chimodzi."

Ndili ndi zaka makumi anayi ndi zinayi, Tokuji. Ndikufuna kupita. Koma Bambo akaima, wogwada ndani? Amayi anagwada m'holo ya sukulu chipumi mpaka pansi, akupempha mavoti ali ndi malungo, ndipo miyezi iwiri isanathe tinawaika m'manda. Phungu wopanda mkazi amagwadiridwa ndi mwana wake wamkazi. Bambo za a Shimodaira sakuzidziwa. Uwalembere kuti asiye zimenezi. Iwe amakumvera, chifukwa ndiwe mwamuna ndiponso uli kutali.

Mlongo wako,
Fumie

São Paulo, 24 Januwale 1979

Achemwali,

Moni wa chaka chatsopano, ngakhale wachedwa. Kuno kukutentha moti ana amagona pansi. Tonse tili bwino.

Kalata yanu yafika patadutsa masiku awiri chifikire ya Bambo. Yawo ndi yonenepa, envelopu yolembedwa ndi burashi, dzina langa lili lonse ngati samani ya kukhoti. Sindinaitsegule. Simukufunika kundiuza zomwe zilimo. Daruma imeneyo si yawo, ndi yanga. Iwo akalamba, ndiye akufuna ndibwere ndidzalowe m'malo mwawo, ndiime pabokosi kusiteshoni m'mawa uliwonse n'kumaweramira anthu amene akuthamangira sitima. Ndinathawira mbali ina ya dziko lapansi chifukwa cha zimenezi. Ndikaitsegula ndiyenera kuyankha, ndipo ine Bambo sindinawakanepo chilichonse. Kalata yosatsegula ndi kalata imene sinafike, positi ya kuno imadziwika.

Za a Shimodaira ndakondwa kwambiri. Ingopitani, achemwali. Longedzani katundu n'kukwera sitima. Bambo ali ndi anthu zikwi makumi anayi amene anawavotera, sangasowe wowathirira tiyi.

Mukapeza mpata munditumizireko miso wa kwathu, soya wofufumitsa wothira mu supu uja, wa kuno amakoma ngati dothi. Ndipo mundiuze ngati mtengo wa zipatso za persimoni wa kuseri uja ukadalipo.

Ine wanu,
Tokuji

Okunosawa, 11 Febuluwale 1979

Tokuji,

Ndikhulupirira uli bwino, popeza munthu wodwala sangalembe zopusa zochuluka chotero m'tsamba limodzi. Mtengo ulipo. Miso sindikutumiza.

"Ingopitani." N'zosavuta kulemba munthu utakhala pamthunzi ku Brazil. Bambo sadziwa kumene kumakhala masokosi awo. Mankhwala a magazi amamwa ndikawaikira m'dzanja. Denga likapanda kuchotsedwa chipale kawiri pa sabata litigwera, ndipo wokwera pamwamba pake ndi fosholo ndine.

Atulutsa buku lakuda lija la mayina a mabanja. M'mawa uliwonse amavala suti, jasi ndi nsapato za mphira, n'kumayenda khomo ndi khomo m'chipale chofika m'mawondo. Ayambira kwa anthu amene anawathandiza: banja la kumudzi wa Shimo lomwe anapezera mwana wawo ntchito, a pamlatho amene nyumba yawo sinagwetsedwe pomanga msewu woboola phiri uja. Masana amabwera nkhope ili yakugwa, n'kukhala pansi kulemba. Ndinasuzumiramo akusamba. Tsamba lonse timitanda ta okana tokhatokha, kaziro ka wovomera kamodzi pansi penipeni. Agonja, Tokuji, agonja moti anthu adzatiseka mpaka pamaliro awo, ndipo ine ndidzakhala nditagwadira zimenezo.

A Nagumo abwera kachiwiri kudzapempha, atavala kimono ya maukwati. Bambo anawauza kuti, "Nagumo, ndakuuza kuti sindikuima. Pita kwanu."

A Nagumo potuluka ananditsinzinira diso n'kunena kuti, "Mwamva mmene akanira, mwana wanga? Mwamphamvu ngati chaka chija tinapambana ndi mavoti zikwi zisanu ndi chimodzi." Apita kale kukalembetsa dzina pa lamba wa nsalu wa kampeni.

Madala amenewa andikwana. Lachinayi ndikuchokera kumsika ndinapeza poto wa mpunga atapserera mpaka kuda, atabisidwa kuseri kwa nkhuni. Onse akukana. Bambo amangoyang'ana nyuzipepala.

Chinanso, masiku ano Bambo amandiyang'ana modabwitsa. Dzulo tikudya anandifunsa kuti, "Tokuji walemba?"

"Walemba."

"Ndiye wati bwanji?"

"Akufuna miso."

Anaika timitengo todyera pansi n'kuti, "Ndiye iweyo ukuti bwanji?"

Ndinati ine ndilibe mawu, m'nyumba muno mawu anga sanafunsidwepo. Anadzuka osamaliza kudya. Ukuona, akudikira yankho lako. Tsegula kalata imeneyo, ukane ngati mwamuna wa zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zinayi, ndipo uwauze kuti nawonso asaime. Kwatsala masiku khumi ndi asanu ndi awiri.

Fumie

Okunosawa, 2 Malichi 1979

Tokuji,

Sindifunsa za moyo wako. Positi ya kwanuko imadziwika.

Ndawakana a Shimodaira. Ndinawauza Lachitatu, pakhomo pa ofesi yawo, chifukwa ndikanakhala nawo pansi sindikanatha. Anamvetsera mpaka kumapeto, anawerama, n'kunena kuti, "Ndamva. Pepani kuti ndakuvutitsani nthawi yaitali." Iwo kupepesa ine. Ndinabwerera kunyumba ndikulira mumsewu monse, ndipo a Nagumo atandiona anati n'zoyenera, Amayi nawonso ankalira kampeni ikamayamba.

Diresi lakuda la Amayi ndalitulutsa, ndalichepetsa m'chiuno. M'mawondo mwake ndi motha kale, ndiye sindivutika.

Fumie

São Paulo, 15 Malichi 1979

Achemwali,

Sindikudziwa poyambira. Ndinali kufakitale ya kumidzi masabata atatu, ndipo makalata anu awiri ndawapeza limodzi dzulo. Nditawerenga yachiwiri ndinatsegula ya Bambo. Ndinaimba foni nthawi yomweyo, koma ananyamula ndi iwo. Ndinawafunsa za chipale, n'kudula. Ndine wamantha, mwakhala mukunena. Nayi kalata yawo, muwerenge nokha. Ndaitumiza pa positi yachangu.

Tokuji

Okunosawa, 7 Januwale 1979

Kwa Hokari Tokuji,

Pamene chaka chatsopano chayamba, ndikhulupirira kuti iwe ndi banja lako muli athanzi ndipo ukugwira ntchito mosachititsa manyazi dzina lathu.

Ndilowe mu mfundo. Mlongo wako akufunidwa ndi mwamuna wa ku ofesi ya zankhalango dzina lake Shimodaira. Iye akuganiza kuti sindikudziwa. Ndakhala phungu zaka makumi awiri ndi zisanu, ndipo m'tauni muno mphaka akabereka ndimamva. Mwamunayo ndamufufuza. Samwa, amasamala mayi ake, ndipo anavotera mdani wanga kawiri, zomwe zikusonyeza kuti sakufuna kanthu kwa ine. Achoka kumapeto kwa Malichi. Ndikufuna Fumie apite naye.

Sapita akadziwa kuti ndikhala ndekha. Choncho ndakonza dongosolo. Ndiyenda m'mabanja amene ndinawathandiza, ndikuwapempha kuti azisinthana: wina denga, wina ndiwo kawiri pa sabata, wina kundiperekeza kuchipatala. Ndiwauza kuti asaulule mpaka nditapeza mabanja khumi. Nagumo ndi anzake sindiwapempha, iwowo ndi ofunika kuwaperekeza kuchipatala. Kuphika mpunga ndiphunzira ndekha, si chinthu chovuta. Ndagula daruma, chifukwa sindinayambepo ntchito yaikulu popanda daruma.

Mbali yako ndi iyi. Umulembere mlongo wako, umuuze kuti ndikudziwa, ndavomera, ndipo apite. Ndayesa katatu kumuuza ndekha. Ndalankhulapo pamaso pa nduna, ndalankhulapo pamwamba pa galimoto mvula ikugwa, koma ndikakhala naye patebulo ndimaona nkhope ya mayi ako ndipo lilime limauma. Ndinatenga zaka za mayi ako n'kuzisandutsa mavoti. Za Fumie ndatenga zokwanira. Uchite zimenezi sabata yomwe ulandire kalatayi.

Bambo ako,
Hokari Genzaburo

Okunosawa, 2 Epulo 1979

Tokuji,

Moni ndikupatsa chifukwa Amayi anatiphunzitsa ulemu, osati chifukwa ukuyenera.

Kalata yako yachangu yafika Lachisanu, pa 30. Ndinaiwerenga nditaimirira pakhomo, kenako ndinalowa m'chipinda cha alendo nsapato zili kumapazi, n'kuiponya patebulo pamaso pa Bambo.

"Miyezi itatu," ndinatero. "Timadya patebulo limodzi katatu pa tsiku. Mawu oti mundiuze ine anazungulira kukafika ku Brazil?"

Bambo anayang'ana envelopuyo, n'kuyang'ana deti la pa sitampa. "Watsegula liti?"

"Sabata ziwiri zapitazo."

"Chitsiru cha mwana," anatero. "Ine ndimayesa unamva zonse n'kukana. Ndimati wasuzumira m'buku, waona kuti mabanja ndi ochepa."

"Angati?"



"Bambo, angati?"

"Atatu," anatero. "Mwa makumi asanu ndi limodzi. Ena akuti msana, ena akuti afunse kaye mpongozi. A pamlatho aja anandipatsa tiyi n'kundiuza kuti boma liyenera kumanga nyumba za okalamba."

"Nanga poto uja?"

"Poto uja ndi wosapangidwa bwino."

Ndinkafuna kuwakalipira mpaka madzulo, koma ndinangowauza kuti zonsezi zachedwa, a Shimodaira alembetsa kale chipinda cha mbeta ndipo sitima yawo ndi ya mawa m'mawa. Bambo anangondiuza kuti ndiwasitire malaya oyera.

Loweruka m'mawa anavala suti imene ankalowa nayo m'Nyumba ya Malamulo, n'kundiuza kuti nditsatire. Sindikudziwa amene anauza a Nagumo, koma titafika pasiteshoni tinawapeza alipo ndi madala onse, lamba wa kampeni ali m'manja, bokosi loimirirapo laikidwa kale, chimkuzamawu chili pakhosi. Ankati tsiku lolengeza lafika. Anayesa kuwaveka lamba uja, Bambo n'kuwakankhira pambali osawayang'ana.

A Shimodaira anali pafupi ndi sitima ndi masutikesi awiri, anzawo a kuntchito akuwatsanzika. Chipale chinali chikusungunuka, pansi ponse matope okhaokha. Bambo anapita molunjika, anavula chipewa, n'kugwada. Mawondo onse awiri m'matope, manja pansi, chipumi pansi. Tokuji, pa zisankho zisanu ndi zitatu unawaonapo Bambo atagwada? Iwo ankaima kumbuyo atavala magolovesi oyera, Amayi ndi amene ankagwada.

Anati, "Ndine Hokari. Mwana wanga anakukanani chifukwa cha kulephera kwanga. Ndikupempha kuti muganizenso."

 A Nagumo anayandikira n'kunong'ona, koma poti chimkuzamawu chinali choyatsa tonse tinamva: "Olemekezeka, mwagwadira voti imodzi? Ameneyutu akusamuka, sadzavota n'komwe."

"Khala chete, Nagumo," anatero Bambo nkhope ili pansi. "Ndi yomwe ndikufuna."

A Shimodaira anafiira mpaka m'makutu. Anayesa kuwadzutsa, Bambo anakana. Ndiye nawonso anagwada m'matope momwemo, amuna awiri akuluakulu, aliyense akufuna kutsitsa mutu kuposa mnzake. Ine ndinaima pamenepo ndikufuna nthaka itseguke.

"Chipinda chimene andipatsa n'chaching'ono," anatero a Shimodaira. "Kukula kwake mikeka isanu ndi umodzi, khichini yogawana."

Bambo anadzutsa mutu nthawi yomweyo. "Zimenezo si vuto. Ku likulu la zankhalango ndili ndi munthu, ndingoimba foni kamodzi."

"Ayi, bwana. Ngati pali chimene ndingapemphe, musaimbe foni kulikonse."

Ndikukuuza, zimenezi zinawapweteka Bambo kuposa matope aja. Koma anavomera.

Belu linalira, a Shimodaira anakwera sitima, mathalauza ali onyowa. Ine anali asanandilankhule n'kamodzi komwe, ndipo ndinaganiza kuti akadali okwiya, poti anali ndi chifukwa. Sitima itayamba kuyenda anatsegula windo n'kunena kuti, "Mayi Fumie, kumeneko kumazizira kuposa kuno. Mukamabwera mutenge zofunda zanu."

Zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo mawu ondifunsira ukwati ndi a zofunda. Ndazunguliridwa ndi amuna atatu, wina satha kulankhula, wina satha kutsegula envelopu, wina amafunsira mkazi sitima ikuthawa. Ndinayankha kuti ndamva, koma sindikudziwa ngati anamva.

Ndinyamuka pa 20. Mtima suli m'malo, mabanja atatu ndi ochepa, ndipo ndawauza Bambo kuti mwina ndidikire mpaka chilimwe. Andiyankha kuti ndikapanda kukwera sitima imeneyo aimadi pachisankho chotsatira, ndipo a Nagumo ali ndi lamba kale. Masiku otsalawa ndikuwaphunzitsa kuyeza madzi a mpunga ndi chala. Akuti chala chawo n'chachitali kuposa changa, ndiye muyeso wanga ndi wolakwika.

Iwe uziwalembera kawiri pa mwezi. Limeneli si pempho.

Fumie

Okunosawa, 13 Meyi 1979

Kwa Hokari Tokuji,

Mitengo yaphuka masamba, ndipo ndikhulupirira kuti nonse muli athanzi. Kalata yako yopepesa ndalandira. Ndinaitsegula tsiku lomwelo, monga amachitira anthu.

Mlandu wako sunathe. Unaganiza kuti ndingakupatse mpando wanga. Munthu amene amaopa envelopu sangaime pamaso pa alimi mtengo wa mpunga utatsika. Ukhale komweko, zikukuyenera.

Lipoti ndi ili. Chisankho cha chigawo chinachitika popanda ine, ndipo anapambana ndi mnyamata wogulitsa mathirakitala amene satha kuwerama bwino. Nagumo sakundilankhula, akuti ndinamunamiza, chonsecho ndi nthawi yokhayo pa moyo wanga imene ndinamuuza zoona. Mlongo wako ananyamuka pa 20 Epulo ndi zofunda zitatu. Walemba kuti anakalembetsa ukwati, chipinda n'chopanikiza, ndipo mwamuna wake amathira shuga mu mazira. Kalata yonse ndi madandaulo, masamba anayi. Ndikutanthauzira kuti ali bwino.

Mwa mabanja atatu aja, limodzi lasamukira kwa mwana wawo ku Nagoya. Mphwake wa wometa tsitsi amandiperekeza kuchipatala. Ndiwo amabweretsa ndi Mayi Karasawa, wamasiye wa kuseri kwa kachisi, amene sanali m'buku langa n'komwe. Ndinagogoda pakhomo pawo chifukwa ndinasochera m'chipale. Lachiwiri ndi Lachisanu amaika mbale patebulo n'kundiuza kuti, "A Hokari, ine sindinakuvoterenipo, ndipo msewu wanu woboola phiri uja ndi umene unatulutsa ana athu onse m'tauni muno. Idyani zikadali zotentha." Amathira mchere wambiri. Sindinawauze.

Fumie akakufunsa, umuuze kuti ndikudya bwino ndipo mpunga wasiya kupserera. Mbali yachiwiriyo idzakhala yoona posachedwa.

Diso lachiwiri ndinajambula tsiku limene kalata yake inafika. Kale pa tsiku lotere m'chipinda muja munkadzaza anthu mazana awiri, ojambula zithunzi, mbiya ya mowa, ndipo mayi ako ankandigwirira inki. Ulendo uno inki ndinagwira ndekha, ndiye diso lapendekeka pang'ono. Mwa zisankho zanga zonse, ichi ndi chimene ndapambana bwino.

Koma chidole cha maso awiri chimayang'ana munthu. Ndikamadya chimangondiyang'ana, ndipo zinandikwiyitsa moti ndinachitembenuzira kukhoma. Chinakhala choncho masiku awiri. M'nyumba munachita zii mopitirira muyeso, ndiye ndachitembenuzanso.

Ulembe msanga.

Bambo ako,
Hokari Genzaburo